Geji ya mafuta ikudumphadumpha: ndi pampu, ndi fulota, kapena akundibera pa filling?

Achimwene ena a ku Lilongwe alemba za Toyota Corolla yawo, ija ya NZE121 yochokera ku Japan. Akuti akathira fulu thanki kamuvi ka geji kamakhalitsa pa F, koma kakangodutsa pa hafu kamatsika mothamanga, ndiye masiku ano kayambanso zina, kakafika cha pa kota kamagwa mpaka pa E kenako nkudzukanso kokha. Tsiku lina anathira malita 5 geji osasuntha olo pang'ono, mpaka anakangana ndi mnyamata wa pa filling. Makaniko wawauza kuti agule pampu yonse yatsopano. Nde akufunsa kuti kodi gejiyi imadziwa bwanji kuchuluka kwa mafuta mu thanki, ndipo ndalama ya pampuyo atulutsedi?

Achimwene, pampuyo musagule kaye. Ngati galimoto ikulira bwinobwino mmawa, ikukoka pa chitunda osatsamwa, pampu yanu ilibe mlandu. Pa zinthu zitatu mwatchulazo ziwiri si vuto nkomwe, ndi mmene geji inapangidwira, chimodzi chokha ndiye chawonongekadi, ndipo ndi kachinthu kakang'ono kwambiri poyerekeza ndi pampu. Chomwe ndikufuna mugwire choyamba ndi chakuti geji ya galimoto siyeza malita. Imayeza pomwe kafulota kayandama, pamalo amodzi okha mu thanki, basi. Zina zonse mukuona pa dashibodi ndi masamu ochokera pamenepo.

Mu Corolla yanuyo mukadzutsa khushoni ya mpando wakumbuyo mupeza kachivindikiro kachitsulo, mukatsegula muona mutu wa pulasitiki wozungulira wokhala ndi paipi ndi pulagi ya mawaya. Mutu umenewo mukausolola umatuluka ndi pampu, sefa yake, komanso m'mbali mwake muli kawaya kolimba kopindika ngati kamkono, kumapeto kwake kuli kafulota kakuda kopepuka kwambiri. Zimagwira ntchito ngati mpira uja wa mu thanki ya toyileti, mafuta akachuluka kamakwera, akachepa kamatsika, ndipo kamkono kachitsulo kaja kamazungulira pa malo pomwe kanamangidwa. Kuti zili pa mutu umodzi ndi pampu nde chifukwa amakaniko ambiri amangoti gulani yonse, koma ndi zinthu ziwiri zosiyana, mawaya akenso ndi osiyana ngakhale akutulukira pa pulagi imodzi.

Pomwe kamkonoko kamazungulirapo ndi pamene pali nkhani yonse. Pali kakhadi koyera kolimba, kochepa kuposa bokosi la machesi, ndipo mukakayang'anitsitsa padzuwa muona timizere tachitsulo tambirimbiri tondandana mokhotakhota, kuseri kwa timizereto kuli kanjira kakuda. Kanjira kakudako ndi resistor, kamachepetsa mphamvu ya magetsi odutsapo. Pa kamkono paja pali timano tating'ono tachitsulo tomwe timakhula pa timizere tija. Fulota ikakhala pamwamba timanoto timakhala kumapeto kumodzi, magetsi amadutsa kanjira kakafupi, resistance yochepa. Fulota ikatsika timano timasuntha, magetsi amayenera kuyenda kanjira kotalikirapo, resistance nkukwera. Resistance imayezedwa mu ma ohms, ndipo ma Toyota ambiri akale amakhala cha m'ma 3 ohms thanki ikadzadza ndi cha m'ma 110 ohms ikatha, atsopanoko ambiri amayambira cha m'ma 15 nkukafika cha m'ma 410. Koma si onse amayenda mbali imeneyo. Magalimoto akale a GM ku America ndi 0 ohms pa empty ndi 90 pa fulu, ma geji a VDO a ku Ulaya ndi 10 pa empty ndi 180 pa fulu, kutanthauza kuti iwo resistance imakwera mafuta akamachuluka. Manambalawa musawaone ngati za m'kalasi, tiwafunanso pompano pa nkhani yogula sipeya.

Ku dashibodi nako kwasintha kwambiri pa zaka zapitazi. Magalimoto akalekale anali ndi kachitsulo kopangidwa ndi zitsulo ziwiri zomatidwa pamodzi, kokulungidwa ndi kawaya kotenthetsa. Magetsi akachuluka kachitsuloko kamatentha nkupindika, nkukankha kamuvi. Nchifukwa chake pa magalimoto amenewo mukayatsa kiyi kamuvi kamakwera pang'onopang'ono, kamadikira kutentha. Kenako kunabwera ma geji a makoyilo awiri okoka kamaginito. Masiku ano pafupifupi onse muli kakompyuta mu dashibodi momwemo, kamawerenga voteji yochokera ku thanki nkulamula kamota kakang'ono kotembenuza kamuvi, kapena kuyatsa timabala tija mumaona pa Vitz ndi Passo. Kakompyutako kanaphunzitsidwa kusakhulupirira fulota msangamsanga, ndipo ndi bwino kuti zili choncho, chifukwa mafuta mu thanki sakhala phee. Mukaponda buleki amathamangira kutsogolo, pa kona amapita m'mbali, mukamakwera Chiweta onse amakhala kumbuyo, nde geji ikanamatsatira chilichonse bwenzi kamuvi kakuvina ulendo wonse. Chomwe kamachita ndi kutenga avareji ya nthawi ndithu, nkumasuntha kamuvi mosafulumira.

Tsopano za kukhalitsa pa F. Mukathira mpaka pampu ya pa filling kudula, ndipo anyamata aja nkuwonjezeranso mpaka mafuta kuonekera pakamwa, fulota imakhala itafika kale pamapeto pake kalekale, yamira, singakwerenso. Mafuta onse ali pamwamba pa pamenepo, kuphatikizapo omwe ali mu paipi yothirira ija, geji siwaona. Mumayenda makilomita ambiri ndithu mukuwotcha mafuta amenewo kamuvi kali chiimire pa F, mpaka mlingo utsike kufika poti fulota iyambe kuyenda. Chachiwiri thanki si bokosi la ngodya zinayi. Opanga galimoto amaiumba kuti ikwane pomwe patsala malo, kuzemba ekisozi, kuzemba ma sasipenshoni, nde pena ndi yotakata pena yopapatiza, sentimita imodzi ya pamwamba ndi sentimita imodzi ya pansi sizikhala ndi malita ofanana. Honda Fit mwachitsanzo thanki yake ili pansi pa mipando yakutsogolo, yopyapyala yotambalala, moti kusintha pang'ono kwa mlingo ndi malita angapo. Komanso kamkono kaja sikayenda mowongoka chokwera ndi chotsika, kamazungulira. Opanga amayesetsa kukonza zimenezi potalikitsa kapena kufupikitsa timizere ta pa khadi paja ndi masamu a mu kompyuta, koma sizifika pa ndendende. Nde hafu ya pa geji musamaiwerenge ngati malita 25 enieni a thanki yanu ya malita 50. Apa palibe chokonza.

Za malita 5 aja, mnyamata uja mwina munamulakwira. Pansi pa thanki napo pali malo omwe fulota sifika. Kamkono kali ndi pothera pake, ndipo opanga amasiya dala mafuta ena pansi pa E kuti munthu asafere panjira kamuvi kakangogunda mzere womaliza. Ngati munafika pa filling mutayenda kale pa E kwa kanthawi, fulota inali italendewera m'malere, mafuta ali pansi pake. Malita oyamba omwe mwathira amangodzadza mpata umenewo, fulota isanayambe nkuyandama komwe. Onjezani apo kuti malita 5 mu thanki ya malita 50 ndi gawo limodzi mwa magawo khumi, kenako onjezaninso kakompyuta kaja kosakhulupirira msanga. Magalimoto ambiri amazindikira kuti mwathira mafuta poyerekeza mlingo wa pomwe munazimitsa ndi wa pomwe mwayatsanso, ndipo kusiyanako kukakhala kochepa amakutenga ngati kugwedezeka chabe kwa mafuta, nkumakweza kamuvi pang'onopang'ono mukuyenda. Mukathira injini ikulira nde zimachedwa kwambiri, komanso ndi zoopsa, zimitsani.

Sindikunena kuti kuba pa filling kulibe ayi, koma geji si mboni yoti mungaimire nayo. Onetsetsani kuti pampu yayambira pa ziro musanalole kuti ayambe kuthira, tsikani mugalimoto muone manambala ndi maso anu, landirani lisiti. Mapampu a pa filling amayezedwa ndi a Malawi Bureau of Standards, ndipo ngati mukukayikiradi malo ena ake dandaulo limapita kwa iwowo kapena ku MERA, bungwe loyang'anira za mafuta ndi magetsi, omwe ali ndi zoyezera zenizeni za malita. Kukalipira mwana wa eni chifukwa cha kamuvi ndi kumupweteka mtima pachabe, ndipo ine zimandikhudza chifukwa anyamata ndi atsikana amenewa amanyozedwa kale mokwanira nthawi ya mizere ya mafuta.

Anthu omwe amafunadi malita enieni sadalira fulota. Eni mathiraki oyenda ku Beira, Nacala ndi Dar es Salaam ena amabowola thanki nkuikamo kandodo kena kopanda chilichonse choyenda, mapaipi awiri achitsulo ina mkati mwa inzake. Dizilo akalowa pakati pa mapaipiwo kuchuluka kwa magetsi omwe mapaipiwo angasunge, komwe amati capacitance, kumasintha, chifukwa mafuta amasunga mphamvu ya magetsi pafupifupi kawiri kuposa mpweya, nde kachipangizo kamawerenga kuti paipi yamira mpaka pati. Poika amakhuthula thanki yonse nkumathira malita odziwika pang'onopang'ono akulemba nambala iliyonse, kuti mawonekedwe a thankiyo alowe mu masamu, kenako zimalumikizidwa ku GPS bwana nkumaona pa foni. Ndege zikuluzikulu nazo zimagwiritsa ntchito njira ya capacitance yomweyi, ndi tindodo tambiri m'mapiko. Chofooka chake ndi madzi, chifukwa madzi pa muyezo womwewo ali cha m'ma 80 pomwe mafuta ali cha m'ma 2, nde madzi pang'ono pansi pa thanki amasokoneza zonse. Pa galimoto wamba opanga anasankha fulota poti ndi yotchipa ndipo imakwanira kukuuzani kuti kathireni.

Tibwere pa vuto lenileni, kugwa pa kota nkudzukanso. Ichi ndi chizindikiro chodziwika bwino cha khadi yoperepeseka. Timano tija takhala tikukhula pa timizere zaka ndi zaka, ndipo sitikhula paliponse mofanana, timakhula kwambiri pomwe mafuta amakhalitsa. Ambirife kuno timayenda pakati pa kota ndi E, kuthira a lero ndi mawa basi, nde kagawo kameneko ka khadi ndi komwe kamagwira ntchito tsiku ndi tsiku, bampu iliyonse, dzenje lililonse la mumsewu fulota ikugwedera timano tikupala malo omwewo. Mukaitulutsa mudzaona nokha, kumtunda kwa khadi timizere tikuwala bwinobwino ngati tatsopano, koma chakumunsi pali kanjira kopalika, timizere tina tafufutika mpaka kuoneka zoyera za pansi, pena pali zakuda zomatirira. Timano tikafika pamalo ofufutikawo magetsi amaduka. Ndipo kumbukirani kuti pa Toyota resistance yambiri imatanthauza empty, nde waya woduka kwa geji ndi chimodzimodzi thanki youma, kamuvi kamagwa pa E. Mukagunda bampu kapena mafuta akatsikako pang'ono timano timadutsa pamalo oipawo nkugwiranso pabwino, kamuvi nkudzuka. Pa GM yakale vuto lomweli likanaonetsa fulu, zomwe ndi zoipa kwambiri chifukwa munthu amayenda mtima uli m'malo thanki ikuuma.

Mafuta omwe timathira nawo amathandizira. Timizere tambiri timakhala ndi siliva, ndipo sulphur wa mu mafuta amadya siliva nkusiya kachikuto kakuda kosadutsa magetsi bwino. Mu 2004 ku Florida ku America ma filling ambiri anaimitsa kugulitsa petulo kwa masiku angapo chifukwa anapezeka ndi sulphur wochuluka yemwe anawononga ma geji a magalimoto ambirimbiri, anthu kumathera mafuta pamsewu geji ikuonetsa kuti alipo. Kwathu kuno chomwe ndimachiona kwambiri ndi zotsatira za mafuta a m'zigubu nthawi ya kusowa kwa mafuta. Chigubu chomwe munali madzi dzulo, fumbi, pena osakaniza ndi parafini, zonsezo zimakathera pansi pa thanki pomwe pali khadi ndi sefa ya pampu. Petulo wathu amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, zinayamba mu 1982 ndi fakitale ya ku Dwangwa, ndipo payekha alibe vuto pa geji, kungoti ethanol amakoka madzi, nde galimoto ikaima miyezi thanki ili pafupifupi youma chinyezi chimalowa, dzimbiri nkuyamba pa kamkono ndi pa ma pulagi.

Mavuto ena a geji ali ndi zizindikiro zawozawo, ndingodutsamo mwachangu kuti muthe kusiyanitsa. Kamuvi kogona pa E nthawi zonse olo mutathira fulu, pa Toyota ganizirani waya woduka, pulagi yadzimbiri, kapena fulota yobowoka yomwe yamwa mafuta nkumira, zomwe zimachitika pa zakale zija za mphako mkati. Kokakamira pa F ndi waya wa geji wosupuka womwe ukugunda bodi, kapena kamkono kokodwa mmwamba. Geji ya mafuta ikamasokonekera limodzi ndi ya tempericha, kapena ikamasintha mukayatsa magetsi akutsogolo, musavutike ndi thanki, fufuzani earth ya dashibodi, waya wake wolumikiza ku bodi. Fyuzi ikapsa nthawi zambiri zimafa zingapo pamodzi osati geji ya mafuta yokha. Ndipo geji ikayamba kunama tsiku lomwe galimoto yachoka ku galaja kosinthitsa pampu, pafupifupi nthawi zonse ndi kamkono komwe kanapindidwa polowetsa, chifukwa bowo lija ndi lopapatiza ndipo pamafunika kupendeketsa modekha.

Pali ziwiri zomwe anthu amaiwala. Thanki yachitsulo ikagunda mwala pa misewu yathu yafumbi ija imabonyokera mkati, pansi pamakwera, fulota imakhala pa chibonyocho osafika pansi, ndiponso malita omwe thanki imatenga amachepa, nde munthu amathera mafuta geji ikuonetsa kuti alipo pang'ono. Suzumirani pansi musanamasule chilichonse. Inayo ndi ya magalimoto a 4WD ndi ena okoka ndi matayala akumbuyo, omwe thanki yake inagawika mbali ziwiri chifukwa propshaft, chitsulo chopititsa mphamvu ku matayala akumbuyo, imadutsa pakati. Amenewo amakhala ndi ma fulota awiri, ina mbali iyi ina mbali iyo, geji nkumaphatikiza, komanso kachipangizo kokoka mafuta kuchoka mbali yopanda pampu kupita komwe kuli pampu. Kameneko kakatsekeka galimoto imazima geji ili pa kota, ndipo gejiyo sikunama, mafuta alipodi koma ali mbali yomwe pampu singawafike. Corolla yanu ya 2WD izi sizikuikhudza.

Nde makaniko wanu achite chiyani musanatulutse ndalama? Ayambe ndi pulagi ya pansi pa mpando ija, aizule aone ngati mulibe zobiriwira za dzimbiri. Ngati ali ndi kompyuta yoyezera aone ma code, a geji ya mafuta amayambira P0460 mpaka P0464, ngakhale magalimoto ambiri akale sasunga code ya zimenezi nde kusapezeka kwake sikutanthauza kuti zili bwino. Kenako ayeze mbali ya dashibodi payokha, polumikiza resistor ya nambala yodziwika pa mawaya awiri a geji nkuyatsa kiyi, kamuvi kakapita pomwe buku la galimotoyo likunena ndiye kuti dashibodi ndi mawaya zili bwino. Ena amangogunditsa waya wa geji ku bodi kuti aone ngati kamuvi kakwere pa F. Zimagwira pa magalimoto akale koma kwa masekondi ochepa okha, mukachedwa mumawotcha geji, ndipo pa atsopano kompyuta imatha kuona kuti ndi shoti nkugwetsa kamuvi pa E dala, munthu nkuganiza kuti dashibodi yafa pomwe ili bwino. Komanso asalakwitse waya, pa pulagi yomweyo pali wa pampu wonyamula magetsi ambiri.

Kuyeza komwe kumathetsa mkangano ndi kotulutsa mutu wonse uja nkuika multimeter, mita yoyezera magetsi, pa ohms pa mawaya a fulota, kenako kukweza kamkono ndi dzanja pang'onopang'ono kwambiri kuchoka pansi mpaka pamwamba. Manambala akuyenera kutsika mwadongosolo osadumpha. Pa yanuyo ndikuyembekeza kuti chakumunsi mita idzadumpha mwadzidzidzi nkuonetsa kuti palibe kulumikizana, kenako nkubwereranso. Mita yakale ya kamuvi imaonetsa bwino zimenezi kuposa ya manambala, chifukwa ya manambala imachedwa kusintha ndipo kuduka kwa kanthawi kochepa imatha kukuphonya. Pemphani kuti muoneko nokha, ndi mphindi zochepa chabe, ndipo makaniko wodziwa ntchito sakana.

Apa pokha ndikupemphani musamale kwambiri. Anthu amadabwa kuti magetsi ndi timano tokhulana zimakhala bwanji mkati mwa petulo osaphulika. Nthunzi ya petulo imayaka pokhapokha ikasakanikirana ndi mpweya pa mlingo wina wake, pakati pa 1.4 ndi 7.6 peresenti, ndipo mu thanki yotseka nthunziyo ndi yochuluka kupitirira pamenepo, mpweya ndi wochepa, moto sungagwire. Mukangotsegula chivindikiro chija mpweya umalowa, nthunzi imatuluka nkudzadza mugalimoto, ndipo poti ndi yolemera kuposa mpweya imayenda pansi mpaka kukafika pomwe wina akuwotcherera kapena pa mbaula. Thanki yotsala pang'ono kuuma ndi yoopsa kuposa yodzadza pa chifukwa chomwechi. Nde chotsani waya wa negative pa batire, tsegulani zitseko zonse, chitirani panja, pasakhale wosuta, wa guraindala kapena wa welding pafupi, ndipo paipi ya mafuta imakhala ndi puresha, ikulungeni ndi kansanza pomasula. Poyeza ndi kiyi woyatsa mutu uja ukhale uli m'malo mwake thanki yotseka, osati uli panja ukudontha. Pobwezera ikani labala yatsopano ya pakamwa ngati yakaleyo yauma kapena yatambasuka, apo ayi muzimva fungo la petulo mugalimoto ndi ana ali kumbuyo komweko.

Zikapezeka kuti ndi zakuda chabe zomatirira, kutsuka ndi contact cleaner ndi kupukuta modekha ndi labala yofufutira pensulo kumatha kuidzutsa. Sandipepa ayi, timizere tija ndi topyapyala kwambiri, mumatimaliza. Ena amapinda timano pang'ono kuti tizikhula pa njira yatsopano pambali pa yoperepesekayo, zimathandiza kwa kanthawi koma mukapinda kwambiri timapala khadi msanga kuposa kale. Timizere tikafufutika palibe kuchitira mwina, pafunika fulota ina ndi khadi yake, ndipo pa ma Toyota ambiri kameneka kamachoka pakokha pa mutu wa pampu, kamangokoledwa ndi timano tapulasitiki ndi kapulagi, nde kamagulidwa pakokha. Mukapita kosaka yakale ku Malangalanga kapena ku Ndirande tengani yanuyo m'manja ndi mita yomwe. Yezani ma ohms a pamwamba ndi a pansi afanane ndi a yanu, yendetsani kamkono muone ngati sikudumpha nayonso, ndipo muyerekeze kutalika ndi kapindidwe ka kamkono. Ya 110 ohms ndi ya 410 ohms zimatha kuoneka zofanana ndi maso, pulagi nkulowa bwinobwino, koma mukaika yolakwika geji izinama moyo wake wonse, ndipo ya galimoto ina yokhala ndi thanki yozama mosiyana nayo imanama olo ma ohms atafanana.

Kanyali ka mafuta kaja nako mukadziwe. Pa magalimoto ambiri akale a ku Japan sikadalira fulota, kali ndi kachipangizo kake kotchedwa thermistor kopachikidwa chakumunsi mu thanki. Kakamira mafuta amakaziziritsa, magetsi odutsa ndi ochepa, nyali siyaka. Mafuta akatsika nkukasiya poyera kamatentha kokha, resistance imatsika, nyali nkuyamba kuyaka mozimirira kenako kuwala. Pa galimoto yotero nyaliyo mutha kuikhulupirira olo geji itafa. Pa atsopano kompyuta imayatsa nyali potengera fulota yomweyo, nde fulota ikanama nyali imanamanso, pamodzi ndi nambala ija yokuuzani makilomita otsala, yomwe ndi malita oganiziridwa kuchulukitsa ndi mmene galimoto yakhala ikumwera posachedwapa. Njinga zamoto zambiri za kabaza zimangodalira kampopi ka reserve, ndipo Volkswagen Beetle inayenda choncho opanda geji mpaka 1961.

Kuyenda pa E masiku onse ndikudziwa kuti nthawi zambiri si kufuna, ndi thumba komanso kusowa kwa mafutawo. Koma pampu ya mu thanki imaziziritsidwa ndi mafuta omwe akudutsamo ndi omwe yamiramo, nde ikamakoka mpweya pa kona ndi pa chitunda imatentha nkutha msanga, apo nde mudzaigulatu yomwe makaniko akunenayo. Mwezi ukalola, kuthira kopitirira hafu nthawi zina kumapumitsako pampu komanso kagawo ka khadi kaja.

Podikira kukonzetsa gwiritsani ntchito trip meter, kowerengera makilomita ka pa dashibodi komwe mumatha kubwezera pa ziro. Thirani fulu mpaka pampu idule yokha, bwezerani trip pa ziro, yendani masiku angapo, kenako thiraninso fulu nkugawa makilomita mwayenda ndi malita omwe alowa. Tinene kuti mwayenda makilomita 300 ndipo alowa malita 25, ndiye kuti lita imodzi ikukupatsani makilomita 12. Kuyambira pamenepo mukathira malita 10 mukudziwa kuti mwawonjezera makilomita pafupifupi 120, muchotseko ena ngati mukuyenda mu tauni nthawi ya jamu kapena ndi AC. Ngati fulu thanki sizikutheka pano, muzilemba mu foni malita aliwonse mwathira ndi nambala ya makilomita ya nthawi imeneyo, ndipo pa ulendo wautali ngati wa ku Mzuzu muthire pa Kasungu olo kamuvi kakuoneka kuti kali bwino, mpaka khadiyo itayezedwa ndi mita.